Mabedi okwera kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni

Tinalowa m'nyumba yathu ku Chilomoni mu Ogasiti 2021, pulasitala isanathe, mawindo ena titatseka ndi makatoni. Malo athu ali potsetsereka, kumunsi kwa phiri la Michiru, ndipo kuseri kwa nyumba kunatsala kachigawo ka mamita 7 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi. Amisiri anasiyapo zibenthu za njerwa, simenti youma ndi misomali yopindika. Pansi pa zonsezi pali katondo wofiira wosakanikirana ndi miyala, dothi loti m'chilimwe ukamenya khasu limangodumpha, koma m'dzinja limamata kumapazi mpaka patapata kuduka. Ine ndinakulira kumudzi ku Ntcheu, komwe nkhwani ndi chisoso tinkangothyola kuseri kwa nkhokwe. Kupereka ndalama tsiku ndi tsiku chifukwa cha kampukutu ka mpiru ka masamba asanu kunkandiwawa mumtima, makamaka poona malo ali chikhalire pakhomo panga pomwe.

Mvula itayamba chaka chimenecho ndinatola miyala, n'kugawula, n'kusalaza, monga tinkachitira kudimba kwathu. Ndinawokera mpiru, repu ndi tomato pamalo afulati. Zinagwira bwino ndithu, moti pofika Khirisimasi ndinali nditayamba kuthyolako. Kenako kumapeto kwa Januwale 2022 kunabwera namondwe wa Ana. Mvumbi unagwa usana ndi usiku. Madzi a padenga lathu, kuphatikiza ochokera kupoloti ya aneba akumtunda, onse anathera m'kadimba kanga. Mbali ina anakokolola dothi mpaka miyala kuonekera, mbali ina anangodikha. Chomwe chinandizunguza mutu ndi chakuti patapita masiku atatu mpiru unayamba kufota uli m'madzi momwemo, ngati wasowa wothirira. Nditazula umodzi ndinapeza mizu yada, yoterera, ikununkha ngati chigumu chosasa. Pakutha pa sabata kunalibe chotsala.

Mu Epulo kunabwera apongozi anga, amayi awo a bambo a kunyumba. Iwowa kwawo ndi ku Bvumbwe, ndipo ana awo onse anawaphunzitsa sukulu ndi ndalama za kabichi ndi anyezi. Nditawafotokozera madandaulo anga sanayankhe kanthu. Anapempha khasu, anakumba dzenje lofika pakati pa msongolo, n'kuthiramo ndowa imodzi ya madzi, n'kunena kuti tiyeni tikadye kaye. Titatha kudya nsima, mbale titatsuka, tinabwerera kuseri kuja. Madzi anali akadali m'dzenjemo, atangotsika pang'ono pokha.

"Mwaona, apongozi?" anatero. "Dothi lanuli silimwa madzi. Mizu imapuma ngati ine ndi inu. Mukaimiza m'madzi masiku awiri imabanika, n'kuwola, ndiye mbewu imafa ndi ludzu ili pakati pa madzi."

"Ndiye nditani, amayi? Ndisiye?"

"Musasiye ayi. Pansi pakakana mumakwera pamwamba. Kwezani bedi, dothi lake mupange nokha."

Mawu omaliza aja, akuti dothi lake mupange nokha, sindinawagwire bwino tsiku limenelo. Ine ndinangomva za kukweza. Mtima wanga wonse unapita pa mpanda wa bedi, kuti uoneke bwino ngati mabedi a pazithunzi za pa Facebook, ndipo apa ndi pomwe ndinataya miyezi yambiri.

Ndinatenga matabwa a paini omwe anatsala pomanga, mnyamata wa ganyu n'kukhoma mabokosi awiri. Pofuna kuti ndiwo zikule msanga ndinakagula matumba anayi a zitosi za nkhuku zoyera kwa mayi wina woweta, zongochotsedwa m'khola tsiku lomwelo, zosakanikirana ndi utuchi. Ndinasakaniza ndi katondo uja, n'kuthirira, mawa lake n'kuwokera mbande za chayinizi. Tsiku lachitatu masamba anali atapsa m'mbali ngati awauka pamoto. Ukapisa dzanja m'dothimo munkatentha, ndipo fungo lake linkalasa m'mphuno ngati mkodzo wogonera. Zitosi zaziwisi zimakhala ndi mphamvu yoposa muyeso, ndipo zikayamba kuwola zimatulutsa kutentha ndi mpweya woopsa ku mizu yanthete. Ndinadikira masabata angapo n'kuwokeranso zina. Izi sizinapse, koma zinangokhala zachikasu, zosakula. Pambuyo pake ndinadzamvetsa chifukwa chake: utuchi ukamawola m'dothi, tizilombo touwoletsa timayamba tadya nayitrojeni, chakudya cha m'dothi chomwe mbewu ikanadya, ndiye mbewu imadikira mpaka utuchi utatheratu. Matabwa nawonso sanakhalitse. Chiswe chinalowa pansi mwakachetechete, ndipo tsiku lina nditatsamira bondo thabwa linangobooka, m'kati muli dothi lokhalokha. Amene akufuna matabwa adziwe kuti kuno ku Blantyre chiswe sichigona. Ena amapaka oilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chisadye, koma ine sindingalole oilo ameneyo kukhudzana ndi dothi lomwe ndimadyetsera ana anga.

Ndinabwerera ku njerwa, ndipo mabedi amenewa ndi omwe ndili nawo mpaka lero. Bedi lililonse ndi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali. Mulifupi ndi wofunika kuposa mulitali: uyenera kukhala woti dzanja likufika pakati uli panjira, mbali iyi kapena inayo, kuti phazi lisapondemo konse. Dothi lopondedwa limagwirana n'kubwerera ku vuto lomwe lija. Ngati bedi latsamira mpanda ndipo mukulifikira mbali imodzi yokha, lisapitirire masentimita 60. Pakati pa mabedi ndinasiya njira ya theka la mita, yokwanira kugwada ndi kudutsa ndi keni. Ndinasanja mizere inayi ya njerwa, kutalika kwake pafupifupi masentimita 30, ndipo bedi limodzi linadya njerwa ngati 140. Simenti sindinaike. Ndinangolukanitsa njerwa monga amachitira amisiri, n'kumata ndi dothi apo ndi apo. Timipata totsala ndi tomwe timatulutsa madzi ochuluka. Mnzanga wina ku Machinjiri anamanga lake ndi simenti, pansi n'kuwaka konkire, ndipo mvula yoyamba linasanduka thanki.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuchita njerwa yoyamba isanagone pansi. Choyamba, pamalo otsetsereka ngati athu bedi ligone mopingasa chitsetso, osati kutsata komwe madzi amalowera, ndipo pansi pake pasalazidwe kuti madzi othirira asamathamangire kumapeto kumodzi. Kumtunda kwa mabedi ndinakumba kangalande kolandira madzi a padenga ndi a kwa aneba n'kuwapatutsa. Chachiwiri, dothi la pansi pa bedi ligawulidwe ndi piki, mozama ngati mpeni wa khasu, miyala ikuluikulu ichotsedwe. Mukapanda kutero, mizu ya tomato ndi kaloti imatsika bwino m'dothi lofewa, ikafika pa katondo wolimba n'kupinda.

Tsopano dothi, lomwe ndilo bedi lenilenilo. Njerwa ndi mbale chabe. Bedi la muyeso wangawu limameza mawilibala pafupifupi 14, ndipo munthu sukhulupirira mpaka utayamba kututa. Kusakaniza komwe kwandiyanja ndi uku: pa mawilibala anayi alionse, awiri akhale dothi lapamwamba lakuda, imodzi manyowa owola bwino, imodzi mchenga wa kumtsinje wokhakhala. Mchenga wosalala wa pulasitala musauyese, ukakumana ndi katondo umapanga chinthu cholimba ngati njerwa. Dothi lakuda ndinalipeza kwa anthu ena omwe ankakumba maziko a nyumba chakumunsi kwathu. Iwo ankasowa kotaya, ine ndinangolipira otuta. Anthu ambiri m'tauni muno amathamangira dothi la padzala poona kuda kwake. Ine ndinatengako wilibala imodzi, nditasefa ndinapezamo mabatire ophulika, magalasi, matewera a ana ndi majumbo osawerengeka. Ndinalibweza. Dothi la m'mbali mwa msewu waukulu ndi la pafupi ndi galaja nalonso ndimalipewa.

Manyowa ndimapanga ndekha pakona ya mpanda, pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndimayala zouma, monga mapesi odula, masamba ndi udzu, pamwamba pake zaziwisi, monga makoko a nthochi, zosenda za mbatata ndi masamba a deliya omwe amamera okha m'mbali mwa njira, kenako zitosi za nkhuku kapena ndowe za mbuzi, n'kuwaza dothi pang'ono ndi madzi. Ndimabwereza mpaka mulu ufike m'chiuno, n'kufunditsa ndi masaka. Pakati ndimazika kamtengo. Ndikakazula patatha masiku anayi kapena asanu n'kupeza kakutentha, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Kakakhala kozizira ndi kouma ndiye kuti madzi achepa. Ndimatembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu alionse, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu amakhala apsa. Manyowa opsa ndi akuda, ozizira, ofumbutuka m'manja, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itagwa kumene, ndipo sungazindikire kuti ichi chinali khoko la nthochi. Zitosi zomwe zinandipsereza mbande zija, zikadutsa mumulu umenewu, zimasanduka chuma. Nsima yotsala, mafupa ndi zamafuta sindiikamo, zimaitana makoswe ndi agalu. Phulusa la nkhuni ndimawaza dzanja limodzi kapena awiri pabedi lonse, lambiri limawononga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fetereza anakwera moti kathumba kakang'ono ka pamsika kanasanduka nkhani. Ine ndinapezeka kuti sindikumufuna kwenikweni.

Mabedi atatu anali atakonzeka pofika Okutobala 2022. Mayeso ake anabwera mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Masiku amenewo aliyense wa mu Blantyre amawakumbukira ndi chisoni, chifukwa matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo sindikufuna kuyerekeza ndiwo zanga ndi miyoyo yomwe inatayika. Ndingonena zomwe ndinaona mvula italeka. Njira za pakati pa mabedi zinali mitsinje, pakona imodzi njerwa zisanu zinagwa, koma madzi sanadikhe pamwamba pa bedi lililonse. Repu anagona pansi ndi mphepo, patapita masiku awiri n'kudzuka. M'masabata otsatira, pomwe ndiwo zinasowa pamsika chifukwa madimba a m'mbali mwa mitsinje anakokoloka, tinkathyola pakhomo, n'kugawirako mabanja awiri omwe anasungira abale awo othawa madzi.

Koma walira mvula walira matope. Chomwe chimapulumutsa bedi lokwera m'dzinja ndi chomwe chimalizunza m'chilimwe. Limataya madzi msanga, dzuwa ndi mphepo zimaliomba pamwamba ndi m'mbali momwe, ndipo njerwa zikatentha zimayamwa chinyontho cha m'mphepete. Seputembala ndi Okutobala woyamba ndinkathirira m'mamawa, pofika dzuwa la paliwombo mpiru uli lende. Bilu ya madzi inakwera mpaka bambo a kunyumba anandifunsa modekha kuti, "Mayi, kodi mpiruwu sukutidula kuposa wa kumsika?" Funso lawo linali loona, ndipo masiku ena mpopi unkangouma.

Chinandithandiza kwambiri ndi kuphimbira. Ndimayala udzu wouma wopanda njere, wochindikala ngati zala zinayi, pabedi ponse, n'kusiya kampata kuzungulira tsinde kuti lisawole. Tsiku lina masana yesani kupisa dzanja pansi pa udzuwo: dothi limakhala lozizira ndi lonyowa pomwe la panjira likuotcha phazi. Chiswe chimabwera kudzadya udzuwo, inde, koma kwa ine sichinakhudzepo mbewu yamoyo bola udzu wouma ulipo. Kathiriridwe nakonso ndinasintha. Kale ndinkangowaza pamwamba kawirikawiri, mizu n'kuzolowera kukhala pamwamba pomwe pamauma msanga. Tsopano ndimathira keni ya malita 10 pa mita imodzi iliyonse ya bedi, pang'onopang'ono, kuti madzi alowe pansi, madzulo dzuwa litapendeka kapena m'mbandakucha. Ndisanathire ndimapisa chala chonse m'dothi. Chikatuluka chonyowa, tsiku limenelo ndimalumpha. Pa tomato ndi mabiringanya ndimakwirira botolo la malita awiri loboola timabowo pansi, pakati pa mbewu ziwiri, n'kumadzaza botololo. M'miyezi yotentha kwambiri ndimamanga kachisakasa ka nsungwi ndi udzu wopyapyala pamwamba pa mbande zongowokera, kwa sabata imodzi.

Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi otsukuluzira zovala komaliza onse amapita kumabedi, patsinde, osati pamasamba. Madzi a sopo wambiri, a mankhwala oyeretsera zovala ndi ochapira matewera sindithira. Madzi a m'ngalande ndi a mitsinje ya m'tauni ngati Mudi musawayandikize pa ndiwo, makamaka letesi ndi zina zodya zosaphika. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa mokwanira pa nkhani ya madzi akuda. Ndinagulanso mgolo wa malita 200 n'kuuika pansi pa gatala, wovundikira bwino chifukwa cha udzudzu ndi ana. Mgolo umenewu unandisunga nthawi ya ng'amba ya kumayambiriro kwa 2024, mvula itadula pakati pa dzinja.

Za nyengo, nthawi yokoma kwambiri kuno ndi kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Mpiru, repu, chayinizi, kabichi, letesi, kaloti ndi anyezi zimakonda kuzizira, ndipo chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi, ife tikunjenjemera m'majuzi, repu amakhala ali biriwiri. Tomato yekha ndi amene amadana ndi kamvula kameneka, chifukwa masamba akakhala onyowa nthawi yaitali chiwawu chimalowa. M'miyezi yotentha mpiru umafulumira kuchita maluwa ndipo nsabwe zimachuluka, choncho ndimatembenukira ku ndiwo zathu zamakolo: bonongwe, luni, therere, chitambe ndi kholowa. Izi sizidandaula dzuwa. Bonongwe ndimangofesa mosakaniza ndi mchenga, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi ndayamba kupatulira zoti ndiphike. Nkhwani ndimabzala kumapeto kwa bedi kuti uyangire panja, apo ayi umaphimba anzake onse. Mpiru ndi repu ndimafesa panazale, kabeseni kakale koboola, n'kuwokera madzulo mbande zikafika masamba anayi, motalikirana masentimita 30. Kaloti safuna kuwokera; amafesedwa pomwepo, ndipo safuna manyowa atsopano, apo ayi amachita mphanda.

Kulakwitsa kwina komwe ndinachita ndi kubzala tomato pabedi limodzi katatu motsatizana. Ulendo wachitatu mbewu zinapinimbira, ndipo nditazula ndinapeza mizu ili ndi timatuza ngati mikanda. Nditawatumizira apongozi chithunzi pa WhatsApp ya mdzukulu wawo, anandiimbira n'kunena kuti, "Apongozi, timenetu ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Tomato mum'pumitse pamenepo, musaikeponso abale ake." Abale a tomato ndi mabiringanya, tsabola ndi mbatatesi. Mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi nawonso ndi mtundu umodzi, choncho kuchotsa mpiru n'kuikapo repu sikusintha kanthu. Apa ndi pomwe kukhala ndi mabedi atatu kapena anayi kumathandiza: bedi la tomato chaka chino limalandira anyezi kapena mpiru ulendo wotsatira, la mpiru limalandira zitheba, ndipo nyemba zimasiya chonde kwa wobwera pambuyo. Mizu yodwala ija ndinaiwotcha, sindinaiponye pamulu wa manyowa.

Tizilombo ndimalimbana nato ndi maso kuposa mankhwala. M'mawa uliwonse, madzi a tiyi ali pamoto, ndimayenda m'njira zija n'kumatembenuza masamba. Nsabwe zikakhala zochepa ndimazifinya ndi chala. Zikachuluka ndimasinja masamba a nimu, n'kuwaviika usiku wonse, n'kusefa, n'kuthiramo kasopo pang'ono, n'kuwaza kunsi kwa masamba madzulo. Mbande ikapezeka yadulidwa patsinde usiku, fukulani dothi pafupi pomwepo ndi chala, mupeza mphutsi yotuwa itadzipinda. Nkhono zimabisala m'mipata ya njerwa nthawi ya dzinja, ndipo ndimazitola ndi tochi usiku. Mdani wamkulu ndi nkhuku za aneba, zomwe zingathe kufukula bedi lonse inu muli kutchalitchi. M'malo mokangana ndi anthu ndinatchinga ndi nsungwi zong'amba. Ambiri amatchinga ndi neti ya udzudzu, koma neti ndi yogonamo, ndipo ili ndi mankhwala.

Dothi la m'bedi limatsika. Pakutha pa chaka choyamba linali litatsika ndi njerwa yathunthu, ine n'kumaganiza kuti wina akundibera. Manyowa amapitiriza kuwola ndipo mbewu zimadya. Ndiye ndikazula mbewu zakale ndimathira ndowa zitatu kapena zinayi za manyowa pamwamba, n'kusakaniza pang'ono ndi kakhasu ka m'manja. Kugawula mozama ndinasiya, chifukwa nyongolotsi zadzazamo ndipo zikulima zokha. Chaka choyamba ndinkakumba osaona ngakhale imodzi. Lero dzanja limodzi la dothi limatuluka ndi zitatu.

Kwa amene muli panyumba ya lendi, njerwa zosamata ndi simenti zili ndi ubwino winanso: tsiku losamuka mumapasula, dothi n'kuthira m'matumba, n'kukweza pa lole limodzi ndi mipando. Mng'ono wanga ku Ndirande alibe ngakhale malo a bedi, pakhomo ponse ndi simenti, koma ali ndi matumba asanu ndi limodzi odzaza dothi lomweli, oboola m'mbali, ndipo mpiru wa ana ake sagula. Chomwe amasamala ndi kuwaika pomwe dzuwa limafika maola osachepera asanu ndi limodzi. Ndipo musayambe ndi mabedi anayi. Yambani ndi limodzi, muone madzi omwe likumwa mu Okutobala, kenako muwonjezere.

Apongozi anabweranso mwezi wathawu kudzaona mdzukulu wawo wodwala. Asanalowe n'komwe m'nyumba anazungulira kuseri, chikwama chili m'manja. Masamba sanawayang'ane. Anawerama, anakankha udzu wophimbira, anapisa dzanja mpaka pamfundo, n'kutapa dothi, n'kulifinya, n'kulinunkhiza. Kenako anandiuza kuti anyezi ndawabzala mothithikana kwambiri, ndizule mmodzi pakati pa awiri alionse, ndipo anapempha mbewu ya luni yoti apite nayo ku Bvumbwe. Ndinawamangira pakapepala, ndipo madzulo ake tinadya luni yemweyo wotendera, anyezi wopatulira uja ali momwemo.